Mchere Umene Ndinathira M'kalasi

Ndinatha msinkhu ndili Sitandade 8, m'mwezi wa Juni, nthawi imene chifunga chimagona m'zigwa zakwathu mpaka dzuwa litakwera. Kwathu ndi kufupi ndi Lobi, m'mudzi wa m'mbali mwa phiri, kumene ukamalima m'munda mwako umaona denga la mnansi wako lili kumunsi kwa mapazi ako. Banja lathu ndi la Chikatolika kuyambira kwa makolo, choncho ine sindinavinidwe. Amayi anaitana alangizi awiri a mumphakati mwathu, ndipo anandikhazika pamphasa m'chipinda n'kundiuza za ukhondo, za ulemu ndi za kupewa anyamata. Atatsala pang'ono kunyamuka, mmodzi wa iwo anatsitsa mawu n'kuwonjezera chinthu chimene sichinali m'kabuku kawo ka malangizo. Anati ndikakhala kumwezi ndisamathire mchere m'ndiwo, ndiziitana mwana wamng'ono kuti athire. Ndikathira ndekha, wodya ndiwozo adzadwala mdulo. Miyendo ndi nkhope zidzatupa, chifuwa chidzamugwira, ndipo akachedwa kuthandizidwa amamwalira.

Sindinafunse chifukwa chake. Ine ndinali mwana wosafunsa. Ndikauzidwa chinthu ndinkachigwira ndi manja awiri, ndipo chimene ndinkachiopa kuposa chikwapu chinali kuona munthu wamkulu atakhumudwa nane. Kuyambira mwezi umenewo, masiku anga akafika ndinkaitana mng'ono wanga, iye n'kuthira mchere ine ndikutakasa. Amayi ankachitanso chimodzimodzi. M'nyumba mwathu zinali zachizolowezi ngati kupemphera tisanadye.

Chaka cha sukulu chotsatira ndinayamba Fomu 1 pa sekondale yoyendera, ulendo wa ola limodzi kuchokera kwathu. Sukuluyo inalibe chipinda chophunziriramo sayansi. Sayansi yathu inali ya pabolodi. Mphunzitsi ankajambula botolo ndi choko, n'kujambula moto pansi pake, n'kutiuza kuti madzi a m'botolomo asanduka ofiira. Ife tinkalemba kuti asanduka ofiira.

Nditalowa Fomu 2 kunabwera mphunzitsi watsopano wa sayansi, ndipo anali wamkazi. Ndinali ndisanaonepo mkazi akuphunzitsa sayansi. Tinkangowatchula kuti amadamu. Anali afupi, olankhula mofulumira, ndipo akamafotokoza chinthu ankaiwala kuti m'manja mwawo muli choko, mpaka siketi yawo inkayera m'mbali. Patangopita milungu ingapo kunafikanso bokosi lalikulu lamatabwa, lochokera ku bungwe lina limene linkafuna kuti atsikana a sukulu zakumudzi aziphunzira sayansi pogwira okha zipangizo. Munali makapu agalasi okhala ndi mizere yoyezera, timabotolo tating'ono, mafanelo, mapepala osefera, ndi makina amodzi oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Amadamu analengeza kuti Lachitatu lililonse tikaweruka, atsikana ofuna azitsalira.

Kunyumba nkhaniyi sinalandiridwe msanga. Abambo ankacheka matabwa ku Phiri la Dedza ndipo ankabwera pakutha pa mwezi, choncho ntchito ya kudimba inali ya amayi ndi ine. Amayi anafunsa kuti ndani athirira mbewu ine ndikamasewera ndi mabotolo. Ndinalonjeza kuti Lachitatu ndizidzuka m'mamawa, ndizithirira kaye ndisanapite kusukulu. Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti tione ngati kuzizira kwa kudambo sikundibweza. Sikunandibweze.

Tinkatsalira atsikana khumi ndi angapo. Anyamata ankaima m'mawindo n'kumatitcha madokotala a m'dimba. Wina ankakonda kufunsa ngati tiyi wa m'mabotolomo wapsa, kuti abwere ndi mbatata. Tsiku lina mtsikana wina wa pakamwa anamuyankha osatembenuka n'komwe.

“Pita ukatenge kaye ubongo wako kumene unauyanika, tiuike pa makinawa tione ngati ungaoneke.”

Amadamu ananamizira kuti sanamve, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Ine sindinkayankha mafunso. Ndinkadziwa mayankho ambiri koma sindinkakweza dzanja. Amadamu ataona kuti sindiphwanya zinthu, anandipatsa ntchito yotsuka magalasi tikamaliza, kuwapukuta, kuwakulunga m'nyuzipepala ndi kuwabwezera m'bokosi. Ntchitoyo ndinkaikonda chifukwa sinkafuna kulankhula, ndipo inkandipatsa mpata wogwira chilichonse ndekha.

Tsiku limene ndinasuzumira koyamba m'makina aja, tinaikapo kakhungu kopyapyala ka anyezi. Ndinaona tizipinda tandandalika ngati njerwa za pakhoma, kalikonse ndi kadontho kake. Anyezi ameneyo ndinali nditamuzula ndekha m'dimba mwathu m'mawa womwewo. Ndinachedwa pamakinapo mpaka anzanga anayamba kundikoka malaya. Pomwe ndinkatsuka magalasi, amadamu anandifunsa chimene ndinkafuna kudzachita. Ndinayankha motsitsa kuti ndimasirira anthu oyeza magazi kuchipatala, koma kuti onse amene ndinawaona anali amuna. Anati akazi aliponso, ndipo njira yake ndi imodzi: kutenga Kemisitiri ndi Fizikisi mu Fomu 3. Pasukulu pathu aliyense ankasankha maphunziro pomaliza Fomu 2, ndipo atsikana ambiri ankathawa awiri amenewa. Ndinawalonjeza kuti dzina langa lidzakhalapo.

Teremu yachitatu itayamba, aliyense ankaona kuti amadamu ndi oyembekezera. Kwathu za pakati pa munthu sizikambidwa, choncho tinkangothamangira kuwanyamulira mabuku.

Linali Lachitatu lachiwiri la mwezi wa Meyi, anthu akukolola chimanga. Ine ndinali kumwezi, tsiku lachiwiri. Atsikana ambiri masiku otero sankabwera kusukulu chifukwa kuzimbudzi kunalibe madzi, koma ine ndinabwera poopa kuti amadamu andifunafuna pa nthawi yotsegula bokosi. Tsikulo anabweretsa mbaula yamakala, mchenga wa kumtsinje wotsukatsuka, ndi mchere wa m'khitchini mwawo atamanga papepala. Funso linali lakuti mchere ukasakanikirana ndi mchenga, ungaubweze bwanji. Wina anati atola kamodzikamodzi ndi zala. Amadamu anati ayambe pomwepo, mwina amaliza tikulemba mayeso a Fomu 4. Tonse tinaseka. Kenako anandiyang'ana ine.

“Iwe wa manja ofatsa, bwera uthire mcherewu.”

Ndinaimirira. Kuchoka pamene ndinakhala kufika patebulo panali masitepe ochepa, koma ndinaganiza zambiri. Ndikanatha kuwanong'oneza, koma m'mawindo munali anyamata, ndipo anzanga akanadziwa chimene ndanong'ona. Ndikanatha kukana, koma ndinali ndisanakanepo mphunzitsi chiyambire. Mwana wamng'ono woti n'kumuitana munalibe m'kalasimo. Ndinadziuza kuti izi si ndiwo, ndipo palibe munthu amadya mchenga. Ndinatsegula pepala lija n'kuthira mcherewo m'kapu yagalasi.

Tinathira madzi n'kutakasa. Tinasefa, mchenga n'kutsala papepala. Madzi oyera aja tinawaika m'kambale pambaula, n'kuzungulira tonse kudikira. Nthunzi itatha, m'kambalemo munatsala ufa woyera wokakamira m'mbali. Mchere umene unasowa m'madzi unabwerera ife tikuona, osati pabolodi. Ndinasangalala kwambiri moti kwa kanthawi ndinaiwala mantha anga.

Amadamu anatikumbutsa lamulo loti pa sayansi sitilawa chilichonse. Anati tsiku lokhalo, poti mcherewo unachokera kunyumba kwawo ndipo kambaleko kanali katsopano, alawa iwo m'malo mwa tonse. Ananyowetsa chala, n'kudina m'kambale, n'kuika palilime.

“Ndi womwewo. Mawa ndithira m'nyemba, usaonongeke.”

Anzanga anaombera m'manja. Amadamu anakokolola mcherewo, n'kuumanga papepala, n'kuika m'chikwama. Ine ndinatsuka magalasi onse bwinobwino monga mwa masiku onse. Nditafika pakhomo ndinatembenuka kuti ndiwauze kuti autaye, koma anali akulankhula ndi mphunzitsi wina wamwamuna. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinapita kwathu.

Lachitatu lotsatira amadamu sanabwere. Tinamva kuti anawatengera kuchipatala cha ku boma, nkhope ndi miyendo zitatupa moti nsapato sizinkalowa. Mawu akuti kutupa atandifika m'makutu, ndinagwira desiki. Madzulo ake pamjigo azimayi ankakamba nkhani yomweyo, ndipo mmodzi anati kutupa kotero pa munthu woyembekezera si matenda wamba, alipo amene wamudula. Ena anavomereza. Ine ndinali pakati pawo ndi ndowa yanga, ndikudikira mzere.

Patapita milungu itatu, ahedi anatiuza pa nthawi ya mapemphero a m'mawa kuti madokotala anachita kutulutsa mwanayo masiku asanakwane kuti apulumutse amayi ake, ndipo kuti mwanayo anakhala masiku awiri okha. Tinaimba nyimbo imodzi, kenako tinalowa m'makalasi.

Sindinauze munthu aliyense. Ndinapita kolapa, ndinagwada, n'kutchula kuti ndinakalipira mng'ono wanga ndiponso kuti ndinajomba ku mphakati. Chachikulucho ndinasowa dzina lake. M'katekisimu munalibe tchimo la kuthira mchere, koma munali lamulo lakuti usaphe. Ndinatuluka ndisananene, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kulandira ukaristia. Anthu akamapita kutsogolo ine ndinkatsala pabenchi n'kuwerama.

Bokosi lija analitsekera mu ofesi ya ahedi, ndipo za Lachitatu zinathera pomwepo. Sayansi inabwerera pabolodi. Tinalemba mayeso m'nyengo yozizira, zala zitauma. Sabata yotsekera anaika mapepala awiri patebulo, lina la otenga Kemisitiri ndi Fizikisi, lina la osatenga, kuti aliyense alembe yekha dzina lake. Ndinaima kumapeto kwa mzere. Ndinkaganiza kuti munthu amene anapha khanda pogwira mchere wokha sayenera kugwira magazi a anthu. Ndinkaonanso kuti ndikadzilanda chinthu chimene ndinkachifunitsitsa, ndiye kuti chilango china ndalandira, poti panalibe wondilanga. Ndinalemba dzina langa papepala la osatenga, mwaukhondo, n'kubweza cholembera.

Amayi anandifunsa mu Ogasiti, tikukumba mbatatesi kudimba. Anaimika khasu n'kulankhula osandiyang'ana.

“Miyezi iwiri tsopano usakulandira kutchalitchi. Ndiuze ndisanamve kwa anthu. Uli ndi pakati?”

Ndinati ayi. Anati nanga n'chiyani. Ndinakhala pamzere n'kufotokoza zonse, kuyambira pa mbaula mpaka pa chikwama. Sanandidule mawu. Nditamaliza anandifunsa ngati ndinalidi kumwezi tsikulo, ndiponso ngati ndinaona ndi maso anga akulawa. Ndinavomera zonse ziwiri. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma anangokhala pansi pafupi nane, n'kumachotsa dothi pa mbatatesi imodzi kwa nthawi yaitali. Kenako anati zoterezi sizibisidwa, chifukwa munthu akadali ndi moyo, ndipo mankhwala a mdulo sagwira ntchito wolakwa asanaulule. Anati nkhani ikhoza kutikulira, anthu akhoza kutiloza chala mpaka kalekale, koma tipita. Abambo sanawadikire.

Tinapita m'mawa mwake. Ine ndinasenza dengu la mbatatesi, amayi ananyamula ufa pang'ono monga amachitira opita kukapepesa maliro. Amadamu anali atabwerera kunyumba yawo ya pasukulu. Tinawapeza pakhonde akuothera dzuwa, atafunda chitenje ndi juzi, ataonda moti ndinachita kuwayang'ana kawiri. Nawo panali amayi awo, mayi wachikulire amene anachokera ku Kasina kudzawasamalira. Anatiyalira mphasa. Malonje anatenga nthawi, ndipo amayi anapepesa za maliro monga mwa mwambo. Amadamu anandifunsa za mayeso, ine ndinayankha ndikuyang'ana mphasa.

Kenako amayi anga anagwada n'kunena chimene tinabwerera. Anati mwanayu ndi wawo, analangizidwa bwino, koma anaopa kukana aphunzitsi, ndipo anathira mchere ali kumwezi. Anati sitinabwere kudzadziteteza koma kudzaulula, kuti ngati pali mankhwala afunidwe nthawi ikadalipo.

Mayi wachikulire uja anaika manja pamutu. Anatembenukira kwa mwana wawo.

“Ndinanena ine. Ndinati izi si za chipatala, alipo wakudula. Iwe unati ndisiye za makedzana. Wamva tsopano?”

Anapitiriza kunena kuti kwawo akudziwa munthu wa mankhwala, atumize uthenga tsiku lomwelo, ndipo kuti mtsikanayu asapite kutali chifukwa adzafunika. Anandiyang'ana pamene ankanena zimenezi. Sanali wankhanza. Anali mayi amene anaika mdzukulu wake asanamunyamule, ndipo tsopano anapeza chifukwa chake chitakhala pamphasa.

Amadamu anadzuka pang'onopang'ono, akugwira khoma, n'kulowa m'nyumba. Ndinkaganiza kuti apita kukalira. Anatuluka ndi kabuku kawo ka kuchipatala, kamene anamwino amalembamo munthu akapita kusikelo. Anakhala pansi n'kundifunsa ngati ndikukumbukira tsiku limene tinasefa mchenga. Ndinati linali Lachitatu lachiwiri la Meyi. Anatsegula kabukuko, n'kundipatsa, n'kuloza ndi chala pamene ankafuna kuti ndiwerenge.

Zolemba za anamwino zinali zovuta, koma tsiku linali loonekeratu. Unali mwezi wa Epulo, kumayambiriro. Analemba kuti mapazi atupa, magazi akuthamanga kwambiri, apume, abwerenso pakatha milungu iwiri. Amadamu anatsegula tsamba lina la kumapeto kwa Epulo. Panalembedwa zomwezo, ndipo manambala a kuthamanga kwa magazi anali atakwera.

“Chinayamba n'chiti, kutupa kapena mchere wako?”

Ndinati kutupa.

“Kweza mawu. Amayi anga sanamve.”

Ndinabwereza mokweza. Mawu anga anandidabwitsa ndekha.

Amadamu anafotokozera amayi awiriwo kuti tsiku limene ndinathira mchere, iwo anali atadwala kale mwezi wathunthu, koma ankabisa mapazi m'masokosi kuti asawaletse kuphunzitsa. Anati matendawa amagwira amayi oyembekezera ngakhale kumaiko kumene sanamvepo za mdulo, ndipo kuti anauzidwa kupuma koma sanapume mokwanira, ngakhale madokotala anati mwina kupumako sikukanasintha kanthu. Mchere uja sanauthire n'komwe m'nyemba. Unatayikira m'chikwama n'kuwaonongera mapepala a mayeso.

Amayi awo sanakhutire. Anati ngati si mwanayu ndiye kuti alipo wina amene anayamba, ndipo kuti kumwa mankhwala sikulakwika. Amadamu anatseka kabuku kaja.

“Amayi, mwana wanga ndamuika kale. Musandifunire mwana wa eni ake kuti ndimuikenso.”

Mayi wachikulireyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kudzuka kukateleka madzi a tiyi. Ine ndinkalira mosatulutsa mawu, ndipo palibe amene anandiletsa.

Patapita kanthawi amadamu anandifunsa kuti atsikana angati a gulu lathu analembetsa Kemisitiri ndi Fizikisi. Ndinati ndinaonapo maina awiri. Anati, kuphatikiza lako? Ndinati langa lili papepala linalo, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Nkhope yawo inasintha kuposa mmene inasinthira atamva za mchere.

“Miyezi yonse ija ndinkakuphunzitsani chiyani? Uone kaye, ulembe tsiku, ufunse, ndiye unene. Iwe wadzizenga mlandu wekha, wadziweruza wekha, wadzimanganso wekha, osafunsa munthu. Ndikanamwalira bwenzi ukusenza zimenezi mpaka ukalamba.”

Sanandikalipirepo chiyambire, ndipo zinandipweteka kwambiri. Anafunsanso ngati atsikana ena analangizidwa zomwezo. Ndinati tonse. Kenako anauza amayi anga kuti iwonso analangizidwa chimodzimodzi ali mtsikana, koma zaka za kusukulu zinawaiwalitsa, moti anandiitana kutsogolo osaganiza kuti mtsikana akhoza kukhala ndi chifukwa chokanira chimene sangachitchule pagulu. Anati pamenepo analakwa ndi iwo. Amayi anati aphunzitsi salakwa. Amadamu anati amalakwa kwambiri, kungoti olemba ndi inki yofiira ndi iwo.

Ndinkayembekeza kuti anena kuti akalankhula ndi ahedi kuti dzina langa lisinthidwe. Sanatero. Anati anapempha kale kuti awasamutsire kufupi ndi kwawo, ndipo sakudziwa ngati teremu ikubwerayi adzakhalapo. Anati ngakhale akanakhalapo sakanandipitira, chifukwa dzina ndinalemba ndekha, ndipo pakamwa ndili napo.

Pobwerera amayi anayenda patsogolo mpaka titawoloka mtsinje. Iwo sadziwa kuwerenga Chingerezi, ndipo kabuku kaja anangokaonera patali. Atafika pachitunda anaima kuti apume, n'kunena kuti mdulo ulipo ndithu, anauona ndi maso awo, koma sungayambe mchere usanathiridwe. Anati ngati kutupa kunabwera Epulo, ndiye kuti si wanga. Anawonjezera kuti Loweruka ndipite kolapa ndikanene za miyezi imene ndinakhala osalandira, ndipo kuti za ahedi ndizione ndekha, iwo maofesi amawachititsa chizungulire.

Amadamu anasamukadi tchuthi chisanathe. Sindinawatsanzike. Ndinangomva kuti galimoto inabwera kudzatenga katundu.

Sukulu itatsegulidwa mu Seputembala, ndinazungulira ofesi ya ahedi masiku awiri. Tsiku loyamba ndinafika pakhomo, ndinamva akukalipira munthu, n'kubwerera. Lachiwiri ndinakweza dzanja kuti ndigogode, belu n'kulira. Maphunziro anali atayamba kale, ndipo nthawi ya Kemisitiri ikakwana ndinkaona anzanga akulowa m'chipinda china ine n'kutsala. Tsiku lachitatu ndinagogoda ndisanaganize.

Ahedi anali bambo wamtali wa magalasi, wosakonda nkhani zazitali. Ndinagwada pakhomo n'kunena kuti ndikupempha kusintha maphunziro. Anati ndikweze mawu. Ndinabwereza. Anatulutsa mapepala aja, n'kupeza dzina langa, n'kufunsa ngati anandikakamiza munthu kulemba pamenepo. Ndinati ayi. Anafunsa chimene chasintha. Za mchere sindikanatha kuwauza bambo ngati amenewo, choncho ndinangoti ndinalakwitsa. Anati ndandanda inatha kale, kalasi ya sayansi yadzaza, madesiki mulibe, ndipo akalola mmodzi mawa kubwera khumi. Anati ndipite m'kalasi, n'kuweramira pa zolemba zawo.

Moyo wanga wonse munthu wamkulu akati pita, ndinkapita. Tsikulo miyendo inafuna kudzuka yokha, koma ndinaikanikiza pansi. Ndinakhalabe chogwada. Simenti inali yozizira. Analemba tsamba lonse, n'kutembenuza, n'kulembanso. Mphunzitsi wina anabwera ndi mafayilo n'kuchita kundilambalala.

“Iwe, ukadali pompo? Ukutsekereza khomo.”

Ndinati pepani, koma ndikufuna Kemisitiri ndi Fizikisi. Ndinati ndikufuna kudzaphunzira zoyeza magazi, ndipo popanda maphunziro amenewa sindingalowe ku koleji. Zinali zoyamba kuti ndinene zimenezi kwa munthu wamwamuna.

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anatsegula kabati, n'kutulutsa buku la zotsatira za Fomu 2, n'kutsetsereka ndi chala mpaka pa dzina langa. Sananene chimene anaona. Anatenga rula, n'kudula dzina langa papepala la osatenga, n'kundipatsa pepala linalo ndi cholembera chawo kuti ndilembe ndekha. Chilembo choyamba chinapotoka. Anati desiki ndikadzipezere, ndipo ndikadzabweranso kudzasintha adzanditumiza kukalima m'munda wa sukulu teremu yonse.

Desiki ndinaipeza kuseri kwa Fomu 1, pamene ankaunjika zothyoka. Inali yopanda thabwa lotsamira, ndipo mwendo umodzi unali waufupi. Ndinaipukuta ndi masamba, n'kuisenza pamutu kudutsa pabwalo. Phunziro linali litayamba. Mphunzitsi watsopano, bambo wachinyamata, anasiya kulemba n'kufunsa ngati ndabwera kudzagulitsa mipando. Kalasi inaseka. Ndinati ndatumidwa ndi ahedi, ndine wa kalasi ino. Analoza kumbuyo. Atsikana awiri aja anasuntha desiki yawo kuti yanga ilowe pakati pa iwo ndi khoma, ndipo mmodzi anapinda pepala n'kuika pansi pa mwendo waufupi uja. Ndinali nditatsalira ndi maphunziro atatu. Ndinabwereka kope la mnzangayo, n'kuyamba kukopera kuchokera patsamba loyamba.